Malangatana, mkulu wojambula pa makoma a ku Maputo uja

Phiri wa ku Maputo:
Moni nonse abale anga. Zithunzi ndaponyazo ndatola ku Museu de História Natural konkuno ku Maputo, nyumba ija amasungiramo nyama zoumika. Anthu ambiri amapitirako tiana ta njovu tosabadwa tija, koma ine chandigwira mtima ndi khoma la m'munda wake. Khoma lonse ndi nkhope zokhazokha, anthu, nyama, mbalame, zonse zapanikizana moti palibe kampata olo koika chala. Wojambula wake ndi Malangatana Valente Ngwenya wa kuno ku Mozambique. Pagulu pano aluso mulipo ambiri nde ndati tikambirane, chifukwa zimandiwawa kuti kwathu dzinali silimveka pomwe munthuyu ndi neba wathu weniweni.

Mayi a Tadala:
Iiii a Phiri koma zithunzi zake nzoopsa bwanji. Maso onsewo akundiyang'ana ine, mano ake osongoka chonchi, zikhadabo. Si za ufiti izi? Ine mwana wanga sangagone ataona zimenezi.

Yamie wa ku Zomba:
Mayi musathawe kaye, mumve mbiri yake nde mumvetsa kuti manowo achokera kuti. Ifeyo tinamuphunzirako kuno ku yunivesite. Anabadwa pa 6 June 1936 m'mudzi wa Matalana, dera la Marracuene, kumpoto pang'ono kwa Maputo, nthawi imeneyo mzindawo unkatchedwa Lourenço Marques. Chiyankhulo cha kwawo ndi Chironga. Bambo ake nthawi zambiri ankakhala ku migodi ku Joni nde anakula ndi mayi ake, ndipo mayiwo ntchito yawo ina inali yosema anthu mano ndi kutema mphini. Ali mwana ankaweta ziweto, anakhalakonso wothandizira sing'anga, sukulu anayambira ya mishoni ya anthu a ku Switzerland, mishoni yomweyo inaphunzitsa Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, chipani chomwe chinamenyera ufulu wa Mozambique. Kenako mayi ake anadwala matenda a m'mutu. Ali ndi zaka 12 anapita m'tauni kukasaka ganyu, kulera ana m'nyumba za anthu, ndipo mu 1953 anapeza ntchito yotola mipira ku kalabu ya tenesi ya azungu. Sukulu ankapita ya usiku.

Malume a ku Nsanje:
Nkhani ya bambo kukhala ku migodi mwana nkumakula ndi mayi okha ndi yathu yomwe ija ya Wenela. Ife tinakula choncho. Pitiriza mwanawe.

Yamie wa ku Zomba:
Zikomo malume. Nde ku tenesi konkuja kunali mkulu wina dzina lake Augusto Cabral, anaona zomwe mnyamatayo ankajambula nkumupatsa penti ndi mabulashi. Mu 1958 anayamba kupita ku Núcleo de Arte, bwalo la ojambula lomwe lilipobe mpaka pano ku Maputo. Kenako anakumana ndi Pancho Guedes, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene anamupatsa galaja ya kunyumba kwake kuti azigwiriramo ntchito komanso ankamugula zithunzi ziwiri mwezi uliwonse kuti asiye ganyu azingojambula basi. Mu 1961 anapanga chionetsero chake choyamba cha yekha.

Bambo a Chikondi, wolemba zikwangwani ku Limbe:
Imani pomwepo. Mwamva zimenezo anthuni? Galaja ndi zithunzi ziwiri pamwezi. Nkhani yonse yagona pamenepo. Ine ntchito ya bulashi ndakalamba nayo, ndaona anyamata a dzanja labwino kuposa langa akusiya nkukayamba kabaza, chifukwa luso linalipo koma panalibe pokhala, panalibe woti nkumuuza kuti mwezi uno usadandaule za ufa iwe jambula. Munthu wanjala amajambula chomwe mwini golosale wanena, botolo la zakumwa, buledi, mutu wometedwa bwino pa babashopu, nkulandira kangachepe nkumapita. Sikuti mumtima mwake mulibe zina zoti anene ayi. Zilimo zambiri koma khoma ndi la eni, penti ndi wa eni.

Chisale wa pa Joni:
Madala ndakumvani koma ine pali pomwe pakundivuta. Guedes ameneyo sanali Mpwitikizi? Mesa ndi omwewo ankagwiritsa anthu chibalo? Nde tiziti munthu wathu anatukulidwa ndi atsamunda? Nkhani zoterezi zimandinyansa, nthawi zonse pamayenera kupezeka mzungu wachifundo kuti wakuda aoneke.

Yamie wa ku Zomba:
Achimwene funso lanu ndi lenileni, nafenso tinakanganapo m'kalasi. Inde Guedes anabadwira ku Lisbon mu 1925, ndipo pa nyengo yomwe Mozambique inkalandira ufulu anasamukira konko ku Johannesburg nkukaphunzitsa pa yunivesite ya Wits. Koma taonani zomwe Malangatana anajambula ali m'galajamo. Sanajambule maluwa okongoletsa pabalaza pa bwana. Anajambula magazi, ansembe, zilombo zikudya anthu, anthu omangidwa. Mu 1964 chaka chomwe nkhondo ya ufulu inayamba, anali atalowa kale za FRELIMO mobisa, apolisi achinsinsi a PIDE anamugwira, anakhala m'ndende miyezi 18 ku Machava. Nthawi yomweyonso anamanga alembi ngati José Craveirinha, Rui Nogar ndi Luís Bernardo Honwana. Nde penti anali wa mzungu inde koma zomwe zinatuluka pa bulashiyo zinali zake.

Chisale wa pa Joni:
Za ndendezo sindimadziwa. Komabe mfundo yanga ikhalepo, bwanji anthu athu a ndalama sachita zomwe anachita Guedes? Amagula magalimoto asanu koma chithunzi cha mwana wa kwawo ayi.

Bambo a Chikondi, wolemba zikwangwani ku Limbe:
Apo nde tagwirizana mphwanga.

Malume a ku Nsanje:
Mayi a Tadala, ndikufuna ndikuyankheni inuyo pa za kuopsa zija. Ine zithunzizi sizikundiopsa, zikundikumbutsa. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO itafika povuta, anthu ankaoloka malire usiku kubwera kuno, ku Mankhokwe kunadzaza anthu moti othawa nkhondo anachuluka kuposa eni dera, dziko lonse lino linasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni, kuno ku Nsanje, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje konse. Ine ndinawaona ndi maso angawa pamzere wolandira ufa. Anthu opanikizana, mwana kumsana wina kumanja, palibe woyankhula, maso okhaokha ali tong'o. Ena anabwera atadulidwa makutu ndi milomo. Nde ndikaona khoma la a Phiri lija palibe mpata pakati pa munthu ndi mnzake, ndikuti mkuluyu sanapeke kanthu. Anajambula zomwe dziko lake linadutsamo kuyambira pa chibalo, kulima thonje mokakamizidwa, ndende, mpaka nkhondo ya pachiweniweni yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Mukanakhala inu mukanajambula anthu akumwetulira?

Mayi a Tadala:
Ayi malume ndamva. Agogo anga aakazi kwawo kunali ku Angónia, nkhani zimenezo ankatiuza akulira. Ndayang'ananso chithunzi chachiwiri chija, pali mayi wafungatira mwana pakati pa zilombozo. Poyamba sindinamuone.

Phiri wa ku Maputo:
Ndi mmene zilili mayi, ukaima pafupi umayamba kuona zina zomwe patali sizioneka, nkhope ina ili m'mimba mwa inzake, dzanja la uyu ndi phiko la mbalame. Ndipo akuti mtendere utabwera mu 1992 zojambula zake zinasintha, mitundu yozizirira ngati buluu inayamba kuchuluka pomwe kale kunali kufiira kwambiri. Khoma lina lake lalikulu lili ku Centro de Estudos Africanos pa yunivesite ya Eduardo Mondlane.

Chisale wa pa Joni:
Nanga chikhoma chachitali chija umachiona ukangotuluka pa eyapoti ya Maputo, pa raundabauti pali nyenyezi yaikulu paja, ndi chakenso?

Yamie wa ku Zomba:
Pamenepo ndi pa Praça dos Heróis, pomwe anaika Mondlane ndi Samora Machel. Khoma limenelo ndi lotalika mamita 95 ndipo dzina lomwe limatchulidwa kuti ndiye analikonza ndi João Craveirinha, koma anagwira anthu ambiri pamodzi. Nthawi imeneyo ufulu utangobwera pa 25 June 1975 makoma a Maputo anadzaza zojambula, poyamba anthu wamba ankangolemba okha mawu a chipani ndi zithunzi, kenako kunabwera anthu a ku Chile omwe anathawa Pinochet atalanda boma mu 1973, iwowo kwawo anali kale ndi chizolowezi chojambula makoma m'magulu, nde anaphatikizana ndi eni dziko. Malangatana makoma ake akuluakulu anayamba m'nyengo imeneyo.

Chisale wa pa Joni:
Nde apa pabwera vuto langa lachiwiri. Munthu ukayamba kujambulira chipani cholamula umakhalabe waluso kapena wasanduka wokuwa wa chipani? Tisaiwale FRELIMO yomweyo inali ndi makampu ake otsekera anthu ku Niassa. Ndipo ndamva kuti mkuluyu anakhalapo phungu.

Yamie wa ku Zomba:
Zoona, mu 1990 analowa nyumba ya malamulo ngati phungu wa FRELIMO, ndipo mu 1998 anasankhidwa mu khonsolo ya mzinda wa Maputo. Sanabisepo kuti ndi wa chipani. Ine maganizo anga, ndipo ena akhoza kutsutsa, ndi oti muyang'ane khomalo lokha. Zojambula za chipani timazidziwa, msilikali wa chifuwa chotambalala, mlimi wanyamula khasu m'mwamba akuseka, mtsogoleri ali patsogolo. Pa makoma a Malangatana anthu ake ndi odandaula, maso ali ndi mafunso, olo pa nthawi yomwe boma linkafuna aliyense azioneka wokondwa. Kwa ine zimenezo zikutanthauza kuti dzanja lake silinagulidwe.

Chisale wa pa Joni:
Mwina. Koma kukhala chete pomwe anzako akutsekeredwa nakonso ndi kuyankhula. Ine pamenepo sindisuntha. Luso lake sindikukana, ndi chimphona, koma tisamuyeretse ngati mngelo.

Malume a ku Nsanje:
Palibe akumuyeretsa mwana wanga. Ife tinakhalamo mu ulamuliro wa chipani chimodzi, tikudziwa kulemera kwa pakamwa nthawi ngati imeneyo. Ena anayankhula nkuthera ku Mikuyu, ena anapeza njira yonenera zinthu mokuluwika. Ndiweruze munthu wa dziko lina ndili pa mkeka pano, ayi sindingathe.

Achemwali a ku London:
Pepani ndalowa mochedwa ndinali ku ntchito ya usiku. A Phiri mwandikumbutsa, kunonso khoma lake lilipo! Mu 1987 anajambula pa masitepe a Africa Centre, nthawi imeneyo ili ku Covent Garden pa King Street. Malo amenewo ndi pomwe anthu a ku Africa kuno ankakumanirana, misonkhano, magule, zonse. Nyumba ija itagulitsidwa anthu anada nkhawa kuti chithunzicho chithera pompo, koma akatswiri anachichotsa pakhomapo mosamala nkuchisunga, pano chili ku nyumba yatsopano ya Africa Centre ku Southwark. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. Ku Tate Modern, nyumba yaikulu yoonetsera zojambula kuno, kulinso chithunzi chake, ndipo mu 2020 ku Art Institute of Chicago anapanga chionetsero cha ntchito zake zoyambirira.

Bambo a Chikondi, wolemba zikwangwani ku Limbe:
Achemwali mwati anachotsa chithunzi pakhoma nkuchisamutsa? Koma ndiye anthu amalemekeza ntchito ya manja. Ine ndinajambulapo khoma lonse la sitolo ina, mudzi wathunthu, amayi akusinja, asodzi, ng'ombe pa dambo, mwini wake anakondwa anthu ankaima kumajambulitsa pamenepo. Isanathe ndi miyezi ingati kunabwera kampani ina ndi ndowa zawo za penti, anamulonjeza mwini sitolo kumupentera ulere bola aike mtundu wawo ndi dzina lawo, tsiku limodzi lokha zonse zinafafanizika. Sindimuda mwini sitoloyo, penti ndi wodula ndipo khoma ndi lake. Koma ndinadutsapo ndinalephera kuyang'ana. Yendani mseu wa M1 muone, matauni onse avala mitundu ya makampani, sitolo iliyonse kufanana ndi inzake.

Nabanda, mphunzitsi ku Dedza:
Bambo a Chikondi zandikhudza. Ndipo chomwe chimandipweteka nchoti kujambula pakhoma si chinthu chobwera kwa ife. Kuno ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pa miyala, UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira zija ndi za Akafula, zoyera ndi za makolo athu Achewa, zina za chinamwali zojambulidwa ndi amayi, zina za Nyau. Pitani ku Chentcherere, ku Namzeze kapena ku Mphunzi mukaone. Koma ana ena amapita kukalembapo maina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo, chifukwa palibe anawauza kuti nchiyani. Komanso amayi akumudzi mpaka lero amatsutsuta nyumba ndi dothi lofiira, lakuda, loyera nkujambula maluwa m'mbali, koma palibe amawatchula kuti aluso.

Phiri wa ku Maputo:
Aphunzitsi musaiwalenso ku Mua.

Nabanda, mphunzitsi ku Dedza:
Eya ku Mua ndiye chitsanzo chabwino. Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso, mu 1976, ndipo makoma a Chamare Museum ajambulidwa mbiri ya dziko lino, Achewa, Angoni, Ayao, kubwera kwa amishoni. Ana anga a sukulu ndikapita nawo kumeneko amagwira mbiri msanga kuposa ndikamalemba pa bolodi. Khoma limaphunzitsa ndi amene sadziwa kuwerenga yemwe, ndipo silifuna tikiti. Nchifukwa chake ndikuona kuti Malangatana anachita bwino kutuluka m'galaja nkupita pa makoma, chithunzi cha pa nsalu chimakathera m'nyumba ya wolemera mmodzi, cha pakhoma ndi cha aliyense wodutsa.

Yamie wa ku Zomba:
Ndipo sanathere pa makoma pokha. Mu 1971 anapeza thandizo la bungwe la Gulbenkian nkupita ku Portugal kukaphunzira zoumba ndi zodinda zithunzi. Ankalemba ndakatulo, zina zinasindikizidwa kale mu 1963, ankaimba, kuvina, kusema. Anathandiza kukhazikitsa Museu Nacional de Arte ku Maputo, ankaphunzitsa ana kujambula m'dera lomwe ankakhala, ndipo kwawo ku Matalana anayambitsa malo a zachikhalidwe. Mu 1997 UNESCO inamutcha waluso wa mtendere, chaka chomwecho analandiranso mphoto ya Prince Claus ya ku Netherlands. Anamwalira pa 5 January 2011 m'chipatala ku Matosinhos ku Portugal ali ndi zaka 74, maliro ake anali a boma ndipo anakaikidwa kwawo ku Matalana.

Mayi a Tadala:
Mwana wotola mipira ya tenesi mpaka maliro a boma. Mzimu wake uuse mumtendere.

Bambo a Chikondi, wolemba zikwangwani ku Limbe:
A Phiri ndakulitsa chithunzi chanu chachitatu, m'munsimo penti akuoneka ngati wayamba kutuwa ndi kusupuka. Ndi choncho kapena ndi foni?

Phiri wa ku Maputo:
Malo ena ndi otuwa ndithu madala, makamaka moyandikira pansi. Kunonso mphepo yake ndi ya kunyanja, ya mchere, olo zitsulo za mawindo zimachita dzimbiri msanga.

Bambo a Chikondi, wolemba zikwangwani ku Limbe:
Ndinadziwa. Mdani wa khoma ndi chinyezi chochokera pansi ndi dzuwa. Madzi amakwera m'njerwa kuchokera m'nthaka nkumakankha penti kuchokera mkati, nde olo upake wodula bwanji amatupa nkusupuka. Dzuwa nalo limayamba kudya zofiira ndi zachikasu, zakuda ndi za mtundu wa dothi zimapirira. Anyamata ambiri amalakwitsa pothamangira kujambula pa pulasitala wamuwisi, simenti imafuna iume kaye pafupifupi mwezi, apo ayi mchere wa m'simentimo umatuluka nkuwononga mitundu yonse. Ndipo pa khoma lomwe linapakidwa laimu osayerekeza kupakapo penti usanapale, amagwa ngati nkhungu ya njoka. Nde chithunzi cha pakhoma chimafuna mwini woti azichiyang'anira, kukonza ngalande madzi asamaime m'munsi, kuona denga lisamadonthezere, kuitana odziwa akabwezeretse pomwe pafufutika. Wojambula akamwalira ntchito imeneyo imatsala ndi amoyo.

Nabanda, mphunzitsi ku Dedza:
Bambo mwandipatsa maganizo. Pasukulu pathu pali khoma la buloko yatsopano loyang'ana kumseu, lili mbee. A hedi ndikhoza kuwakambira, komiti ya makolo ndikudziwa singakane bola tisawapemphe ndalama zambiri. Ndikufuna ana ajambule okha, osati mapu a Malawi ndi ziwalo za thupi zomwe zili pa sukulu iliyonse zija, koma za kwathu kuno, phiri, msika wa mbatata, amayi a pa chitsime, olo za Chongoni zomwe. Koma ine bulashi sindiidziwa. Tiyambire pati?

Chisale wa pa Joni:
Aphunzitsi mukayamba mundiuze, ndowa imodzi ya penti ndigula ine. Ndalankhula zambiri za anthu a ndalama osathandiza, nane ndichitepo kanga.

Achemwali a ku London:
Mabulashi ndi anga. Mundipatse nambala ku inbox.

Yamie wa ku Zomba:
Holide ikubwerayi ndili kumudzi ku Linthipe, ndi pafupi, ndikhoza kubwera ndi mnzanga mmodzi tidzathandize ana kukonza chithunzicho pa pepala kaye. Koma tidzawasiye anene okha zomwe akufuna zikhalepo, ife tidzangothandiza kulumikiza.

Bambo a Chikondi, wolemba zikwangwani ku Limbe:
Nde mvetserani aphunzitsi. Choyamba mundiuze khomalo linapakidwa pulasitala liti ndipo layang'ana kuti, ngati limawombedwa dzuwa la masana onse tichepetse zofiira. Mudikire mvula ithe, muyambe mwezi wa May kapena June khoma litauma bwinobwino. Mulitsuke ndi bulashi yolimba, ming'alu mutseke, mupake andakoti kenako penti woyera wa panja wa madzi, osati wa mafuta, chifukwa ana azitha kutsuka manja ndi mabulashi ndi madzi basi osafuna thinazi. Musagule mitundu yambiri, woyera, wakuda, wofiira, wachikasu ndi buluu yakwana, ina yonse musakaniza nokha m'mabotolo odula. Chithunzi cha pa pepala mudule mabokosi ndi rula, pakhomanso mudule mabokosi omwewo akuluakulu ndi chingwe chopaka choko, mwana aliyense apatsidwe bokosi lake akopere. Kuyambira pansi kufika m'bondo musajambulepo kanthu, pakani mtundu umodzi woderapo chifukwa mpomwe pamathovukira matope. Ana aang'ono agwire m'munsi, pa makwerero pakwere akuluakulu okha wina atagwirira. Munditumizire chithunzi cha khomalo mawa kukacha ndione ngati lili ndi chinyezi, ndipo muliyeze utali ndi msinkhu kuti ndikuuzeni malita ofunika.

Nabanda, mphunzitsi ku Dedza:
Zikomo kwambiri bambo. Tepi ndibwereka kwa a kalipentala, mawa pa buleki ndiyeza nkutumiza.